Bokosi la Anthu Osaona

"Foni yanga ikungoti fulemu, fulemu, basi," anadandaula mayi Shamsia, mlembi wa bungwe la anthu osaona ku Area 2, Lilongwe. Foniyo inkawawerengera mokweza zonse za pa intaneti, koma pa webusaiti yatsopano ya bungwe lawo inkangosokonezeka.

Reinford, amene anapanga webusaitiyo, anaseka. "Ndi mabokosi amenewo, mayi. Tsambalo ndaligawagawa ngati a makampani a ku City Centre."

"Nanga ife tiwerenga bwanji?"

"Zazing'ono izo. Mawa zitheka."

M'mawa mwake anafika akudzimva. Anali atawonjezera bokosi lina pamwamba penipeni, la zilembo zofiira zikuluzikulu zojambulidwa ngati chithunzi: "Ngati simuona, dinani apa."

Mayi Shamsia anatsegula tsambalo. Foni inati, "Fulemu."