Ndowa ya Amayi Aja

Chidole cha masaka chinagona chafufumimba pakhomo, utoto wofiira uli m'khosi. Maxwell anachijambula mbali zonse zinayi, thukuta likudzaza m'magolovesi. Aka kanali kachitatu kuyesedwa pa ntchito yofufuza malo a mlandu, ndipo kachinayi kunalibe. Akalephera, abwerera ku Sinda kukatola thonje.

Aphunzitsi ake, a Bizwick, anamusiya yekha pa kanyumba ka kuseri kwa msika wa Katete. "Uli ndi maola awiri. Woyesa wochokera ku Lusaka aona ntchito yako."

Maxwell anazunguliza tepi yachikasu kuti munthu asalowe. Anayeza mapazi a m'fumbi. Anatola batani ndi kachidutswa ka ndudu, chilichonse m'kathumba kake, nalemba nambala. Msana unkawawa. Zaka zitatu za kugwada chonchi.

Dzuwa lili paliwombo, panafika mayi wachikulire, chitenje chofwifwa, patapata wodzaza fumbi.

"Odi, mwanangu. Ndowa yanga inatsala m'menemo dzulo. Kumjigo kuli mzere."

"Pepani amayi, muno sitilola munthu."

"Ine msinkhu wa amako, ndipse ndi dzuwa chifukwa cha chidole? Sukulu yanuyo imaphunzitsa zimenezi?"

Manyazi anamugwira. Anakweza tepi ndi manja awiri, atawerama pang'ono monga anamulerera. Mayiyo analowa, natuluka ndi ndowa yovundikira ndi nsalu. Anayang'ana wotchi yake, nathokoza, napita.

Maxwell anapitiriza. Anafufuza pansi pa mphasa, kudenga, ngakhale m'phulusa. Chida chophera sanachipeze. Koma sanade nkhawa, poti a Bizwick ankakonda misampha yotere. Analemba mosamala kuti: *Mpeni anachoka nawo wakupha.* Atawerenga lipoti lake kawiri, sanapezemo cholakwa. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu, anapuma bwino.

A Bizwick anamuitanira pa tebulo la pansi pa mtengo wa mango, osamuyang'ana kumaso. Pampando wa woyesa panali mayi uja, atavala magalasi, cholembera chofiira m'manja, ndowa ili pamapazi. Anavundukula nsalu natulutsa mpeni wopaka utoto.

"Lipoti lanu n'loona, a Maxwell," anatero mayiyo motopa. "Mpeni unachokadi ndi wakupha, mphindi khumi itadutsa 12 koloko. Ndipo tepi munamukwezera ndinu, ndi manja awiri."