Mabedi Awiri a Mpiru

Kate anaima pawindo la khitchini, mbale ili m'manja, akuyang'ana amuna ake atagwada kuseri kwa nyumba. Anali atazyolika pa bedi lawo la mpiru, milomo ikugwedera. Awo ndiye masentimita akuwerengedwa, monga m'mawa uliwonse. Kate anatsonya.

A Laws Chavula anali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina mumzinda, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Ekwendeni, koma khomo la tchalitchi analiiwala kalekale. Mu 1994, anthu atapeza ufulu wolankhula, ena anautengera ku ndale. A Chavula anautengera kunyumba kwawo ku Area 23, ndipo wovutika nawo anali Kate.

Mkangano unabuka Lachinayi lina. Aphunzitsi anaweruka msanga n'kupeza amayi a Chigwirizano atadzaza pabalaza, wailesi atayizimitsa, wina atakhalira mpando wawo weniweniwo.

"Nyakhonje, tisakangane, tiyese," anatero a Chavula alendo atapita, akumutchula Kate dzina la kwawo. "Mabedi awiri a mpiru. Mbewu imodzi, manyowa ofanana, madzi ofanana. Lanu muzilipempherera ndi anzanuwo mpaka mawu asase. Langa lisamve ngakhale Ameni mmodzi. Rula idzaweruza, poti rula sinama."

Pangano linali lakuti pakutha pa mwezi umodzi, bedi la Kate likapambana, aphunzitsi abwerera kutchalitchi, benchi lakutsogolo. Likagonja, mapemphero a Lachinayi asamuka pakhomopo mpaka kalekale. Kate anavomera msangamsanga, osati chifukwa cha chikhulupiriro chokha ayi. Mtima unali utamukwera.

Aphunzitsi anaitenga nkhaniyo ngati mayeso a boma. Anamanga chingwe pakati pa mabediwo, ati pemphero lingalowerere. Anamuletsa Kate kuimba nyimbo za Mulungu akamayanika zovala chapafupi. Ngakhale madzi ankayeza ndi ndowa imodzi yomweyo, yolembedwa mzere ndi penti.

Lachinayi lotsatira, aphunzitsi ali kuntchito, Kate anatsogolera amayi aja kuseri. Koma wapampando wawo, mayi Malizani, munthu wa ku Thyolo wosadziwa kuzungulira, anayang'ana timbande tija n'kugwira m'chiuno.

"Mayi Chavula, ife tivale yunifolomu, tiyende padzuwa lonseli, kudzapempherera ndiwo? Mulungu sayesedwa ndi rula. Mpiruwu ulibe tchimo. Tiyeni tipempherere mwini wake."

Ndiye zinkatero. Lachinayi lililonse amayi ankazungulira bedi la Kate, oyandikana nawo n'kumasuzumira pampanda, koma dzina lotchulidwa linali la a Laws. Za mpiru palibe analankhulapo. Kate anayesa tsiku lina payekha, koma atangoti "Ambuye, mpiru wanga," manyazi anamugwira, n'kukhala ngati akupempha shuga kwa mlendo. Amuna ake sanawauze.

Pakati pa mwezi mbozi zinalowa m'mabedi onse awiri. Aphunzitsi anasowa mtendere. Tiyi ankazizira patebulo iwo ali chigwadire kuseri, ndipo mabondo a mathalauza awo anafiira ndi dothi moti sopo ankatha ngati akudyedwa. Wochapa wake anali Kate yemweyo. Kuchapira munthu amene akukugonjetsa, kupweteka kwake ndi kwina.

Chifukwa kugonja ndiye kunkaoneka. Bedi la aphunzitsi linachira, masamba ake n'kutambalala ngati zivundikiro za mapoto. La Kate linachita chikasu, masamba obookabooka, moti nkhuku ya pakhomo loyandikana inkangodutsa osajompha.

Lero linali Loweruka, tsiku loweruza. Rula sinkafunikanso, ngakhale mwana akanaloza wopambana. Kate anaika mbale ija pansi, mtima ukuwawa. Akawauza chiyani amayi aja? Kuti mapemphero athamangitsidwa ndi ndiwo zamasamba? Koma chomupweteka kwambiri sichinali chimenecho. Zaka zonsezi ankapita kutchalitchi yekha ngati wamasiye, akuona anzake akulowa ndi amuna awo, ndipo kwa mwezi umodzi wokha anali atayerekeza kulota a Laws ali mu suti yawo yakuda, buku la nyimbo lili m'manja. Malotowo mbozi zinadya.

Anaganiza zongovomera yekha, asanayambe kumuphunzitsa ngati ali m'kalasi. Anathira tiyi m'kapu yawo yaikulu ija, n'kutuluka wopanda nsapato. Anadutsa pampopi, anadutsa bedi lake lomvetsa chisoni osaliyang'ana, analumpha chingwe chija. Aphunzitsi sanamumve. Anali akadali pa masentimita awo.

Atafika pambali pawo, Kate anaima. Rula inali gone pa udzu, yoyera mbee, yopanda ndi kadothi komwe. Maso a aphunzitsi anali otseka.

"Atate, mwandisungira mpiruwu m'mawa uliwonse kuyambira tsiku la mbozi lija," ankanong'ona a Laws. "Latsala lero lokha. Chonde musandichititse manyazi pamaso pa azimayi aja."

"Ameni," anatero Kate, akuwapatsira tiyi. "Mawa benchi lakutsogolo, aphunzitsi. Suti ndisita."