Helikopita Imene Sinatere

Panali munthu wina, dokotala, dzina lake Graeme Whitlock. Ankatsogolera mbali ya ana ovulala kwambiri pa chipatala china kwathu kuno kumpoto kwa Queensland, pakati pa minda ya nzimbe. Manja ake anali odala. Akuti ankasoka bala ngati kangaude akuluka ulusi wake mame asanaume.

Lamulo linali lakuti mkulu wa mbali imeneyi azikaphunziranso chaka ndi chaka, masiku atatu ku Brisbane, kumene amayeserera pa zidole zamphira zonga ana. Akapanda kutero, chipatala chimalandidwa chilolezo cholandira ana ovulala kwambiri.

Mkulu wa anamwino, mayi Noelene Tapau, anamukumbutsa.

"Adokotala, kalata ija yabweranso. Kachitatu aka."

"Sisita, ine ndikasewere ndi zidole? Ndi imvi izi? Tiana tikuphunzitsato ndinatiphunzitsa ndine kugwira mpeni."

"Ndiye mukatiseke tianato komweko. Bola mupite."

"Mwayamba kulankhula ngati apongozi anga."

"Apongozi anu akanakukokani khutu. Ine ndikungopempha."

Anapitadi. Tsiku loyamba analemba dzina pa pepala la pakhomo monga ankachitira kale, anamwa khofi, n'kuzemba. Masiku atatu onsewo anali pa bwato la mnzake akuwedza. Sanadziwe kuti tsopano satifiketi amaipereka kwa yekhayo amene mphunzitsi wamuona akugwira chidole ndi manja ake.

Oyendera zipatala atabwera, anafunsa satifiketi. Panalibe.

"Maphunziro ena ali mu Ogasiti," anatero wamkulu wawo. "Kufikira nthawiyo, mwana aliyense wovulala kwambiri azipita naye ku mzinda."

Atachoka, dokotala anaseka. "Miyezi inayi yokha, Sisita. Idutsa osaiona."

Ndipo chipatala chija chinasanduka ndagi: khomo lili chitsegukire, koma mlendo akudzera pamwamba pa denga.

Loweruka lina masana, ku chionetsero cha ng'ombe, mwana wa Noelene, Tahlia, wa zaka zisanu ndi zinayi, anagwa pa hatchi ndipo inamuponda pamimba. Helikopita inamunyamula. Noelene anali pa ntchito, ndipo dzina la mwana wake analimva pa wailesi ya chipatala.

Dokotala anailanda wailesiyo n'kuitana woyendetsa helikopitayo.

"Darren, tera kuno! Mphindi khumi zokha. Chipinda chakonzeka, magazi alipo, ine ndilipo."

"Pepani adokotala. Chipatala chanu anachichotsa pa mndandanda. Tikupita ku mzinda, ola limodzi ndi theka."

"Iwe, mwendo ukuyendetserawo ndinausoka ndine uli kamwana! Tera!"

"Sindinaiwale, bwana. Ndawapempha otilamula kawiri, akana. Ine ndichite bwanji?"

Noelene anagwira wailesi. "Darren, achimwene, mwana wanga akulankhula?"

"Amafunsa za inu, mayi. Panopa wagona."

Onse awiri anathamangira panja, pa bwalo loterapo. Helikopita inatulukira pamwamba pa nzimbe, kakang'ono ngati tombolombo. Inakula, inakula, mpaka anatha kuwerenga zilembo za pamimba pake. Mthunzi wake unawakhudza. Kenako inayambanso kuchepa.

Noelene anaithamangira akuitana dzina la mwana wake, mpaka mpanda wa waya unamuimitsa. Anagwira wayayo n'kumangoyang'ana mtambo umene unaimeza.

Patapita maola awiri, foni inalira. Tahlia anatsirizika kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti atere. Madokotala a ku mzinda anati bala lake linali losokeka, magazi ndiwo anatha m'njira.

Dokotala anali chiimire pabwalo pomwe paja, atavalabe magolovesi oyera, opanda ngakhale kadontho.

"Sisita," anatero.

Noelene anamuyang'ana m'manja.

"Vulani, adokotala. Palibe amene akubwera."

Phunziro: Ukakhala mtsogoleri, sukulu imene wazemba suilipira wekha, amalipira ndi mwana wa mnzako. Luso popanda kudzichepetsa silipulumutsa munthu. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene amati "ine ndinadziwa kale", makamaka amene manja ake timawadalira.