Mwa Kufuna Kwanu

Basi yochokera ku Joni itamutsitsa pa Nsipe, Fyson analibe ngakhale chikwama. Anangotsika ndi pepala limene anamusainitsa asananyamuke, dzanja lamanzere lili m'bandeji.

Mlongo wake Christobel, mphunzitsi wa Chingerezi, analiwerenga ataimirira m'mbali mwa msewu momwemo.

"Achimwene, apa alemba kuti volontale."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza kufuna. Akuti mwabwerera kumudzi mwa kufuna kwanu, popanda wokukakamizani."

Fyson anayang'ana bandeji ija. Inkanunkhabe utsi wa chisakasa chake chimene anthu anachiyatsa iye ali m'kati.

"Eya, ndinafunadi," anatero motsitsa mawu. "Anandiuza kuti ndisankhe ndekha, kubwera pa mpando wa basi kapena m'bokosi."