Zitumbuwa za Nangozo Khomo Lililonse

Lamulo la pulogalamu yoyendetsa mbaula zophika zokha za m'mudzi mwawo analiumirira ndi a Chimbalanga: pulogalamuyo ndi yaulere, koma chilichonse chimene munthu wawonjezerapo chikhale cha onse. Anzawo opanga mapulogalamu atatsutsa, akuluwa anakalipa mpaka kusasa mawu, napambana.

Kenako mkazi wawo, Nangozo, anaphunzitsa mbaula yakwawo kakazingidwe ka zitumbuwa zake, chinsinsi chimene anamana ngakhale mng'ono wake. Kutacha, khomo lililonse linkanunkhira zitumbuwa zomwezo.

"Ufulu ndi umenewutu, amayi," anatero a Chimbalanga motsitsa mawu, akuona okha kuti msampha wakola mwini wake. Dzanja lawo linali likulowera ku mbale ya zitumbuwa.

Nangozo anaivundikira. "Kadyeni kwa aneba, abambo. Paja munati ndi za onse."