Wopopera Nsikidzi ndi Nsomba za M'galasi

Panali munthu wina, mayi wa mwana mmodzi, amene tulo tinamuthawa chifukwa cha nsikidzi. Mwana wake wa miyezi yochepa ankadzuka ndi totupa m'khosi ndi m'manja. Mayiyo anathira madzi otentha pabedi, anayanika zofunda padzuwa, koma nsikidzizo zinakhazikika ngati zimalipira nawo lendi.

Mwamuna wake anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu, ndipo panthawiyi anali pa ulendo. Bamboyu ankaweta nsomba za mtundu wa disikasi m'thanki yagalasi pabalaza, zija zozungulira ngati kambale ka tiyi. Ankazikonda moti mkazi wake ankazitcha akazi anzake. Ziwiri mwa izo zinali zitangoswa ana, chinthu chimene bamboyo anachidikira kwa zaka. Tianato tinkamatirira m'mbali mwa makolo awo n'kumadya pakhungu pawo ngati tikuyamwa. Mayiyo akamayamwitsa wake ankakhala pafupi n'kumaonerera, mpaka nsanje ija inatha.

Ponyamuka, bamboyo anamuuza kuti kamakina kolowetsa mpweya m'madzi kasazimitsidwe ngakhale pang'ono, komanso m'nyumbamo musapoperedwe mankhwala alionse iye asanabwere. Anati nsikidzizo adzathana nazo yekha atasamutsa kaye nsomba.

Tsiku lina masana panafika mwamuna wachilendo atabereka chigubu chopopera kumsana. Anati amapha nsikidzi, mphemvu ndi utitiri tsiku lomwelo. Mankhwala ake anali m'botolo la chakumwa lopanda chizindikiro. Mayi wa khomo loyandikana, amene anali wamkulupo, anamukokera mnzakeyo pambali. Anamuuza kuti mankhwala opanda dzina ali ngati mlendo wokana kutchula kwawo, ndi bwino ayambe waimbira mwamuna wake. Koma mayiyo anayang'ana khosi la mwana wake, n'kunena mumtima kuti munthu ali kutali sakumva kulira kwa mwanayu.

Anafunsa mlendoyo za nsomba, ndipo iye anaseka.

"Mayi, nsomba ili m'madzi, nsikidzi ili m'matiresi. Zikumana pati? Ingofundikani nsalu pamwambapo basi."

Mayiyo anafundika thanki ndi bulangete n'kupanikiza m'mbali monse. Kamakina kaja kanali pansi, kuseri kwa kabati, ndipo anakasiya kakulira monga anauzidwira. Anabereka mwana n'kukakhala kwa aneba. Mlendoyo anapopera zipinda zonse, anatseka mawindo kuti mankhwala agwire bwino, n'kumapita.

Atabwerera madzulo, anagoneka mwana kuchipinda n'kupita kukavundukula thanki. Nsomba zija, zofiira mwachibadwa, zinali zitada bii, zipsepse zitapindika. Zina zinaunjikana pakona, zina zinali pamwamba kukamwa kuli yasa. Tiana tija tinali titasiyana ndi makolo awo, tikungozungulira ngati toledzera.

Anaimbira bambo wogulitsa nsomba, mnzake wa mwamuna wake, amene anafika mwamsanga ndi zigubu za madzi abwino. Atamva nkhani yonse, anafunsa ngati kamakina kanali koyaka. Mayiyo anavomera mwamphamvu, poti apo pokha ndiye sanaphwanye lamulo. Bamboyo anapukusa mutu. Anamufotokozera kuti kamakinako kamakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi, choncho masana onse kankamwetsa nsomba poizoni kudzera pansi pa bulangete.

Anasintha madzi mobwerezabwereza, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Tiana tonse tinafa. Nsomba yaikazi, mayi wa tianato, inagona cham'mbali n'kusiya kupuma mayiyo akuona. Zinatsala ziwiri zokha, nazonso zofooka.

Wogulitsa nsomba atachoka, mayiyo analimba mtima n'kuimbira mwamuna wake. Anayamba ndi kupepesa, misozi ili mbwembwembwe, n'kunena kuti alandira chilichonse chimene angamuuze. Kenako bamboyo analankhula motsitsa mawu.

"Amake mwana, za nsomba zisiyeni kaye. Mwana ali kuti?"

"Wagona kuchipinda."

"Pa matiresi omwe apoperawo?"

Mayiyo anaponya foni pampando n'kuthamangira kuchipinda. Anapeza mwana akupuma movutikira, dovu lili chuchuchu, maso akutuluka misozi koma osalira. Nthawi yonse imene ankalimbana ndi thanki, sizinamubwerere kuti chimene chikupha nsomba chili m'nyumba yonse.

Aneba aja anamuperekeza kuchipatala. Adokotala anafunsa dzina la mankhwalawo kuti adziwe pogwira, koma mayiyo sankalidziwa. Anafunsa dzina la wopoperayo kapena nambala yake, nazonso analibe. Mwana anamuika pa mpweya, ndipo Mulungu anachita chifundo: kunja kukuyera anayamba kupuma bwino.

M'mawa mwake, mayiyo anasiya mwana m'manja mwa mchemwali wake kuchipatalako n'kubwerera kunyumba. Anatsegula mawindo onse, anatulutsa matiresi ndi zofunda panja. Kenako anatola nsomba zakufa zija, n'kuziika m'kabeseni, n'kuyamba kuyenda nazo khomo ndi khomo mumsewu wawo. Paliponse pamene panali mwana ankagogoda, n'kuvundukula kabeseniko osanena zambiri. Pakhomo lina anapeza mayi wina atatulutsa kale ziwiya panja, akudikira munthu wachigubu yemwe uja. Mayi wa pakhomopo atasuzumira m'kabeseni, anayamba kulowetsa ziwiya zake m'nyumba.

Phunziro: Musalole munthu wosamudziwa kupopera m'nyumba mwanu mankhwala opanda dzina, ngakhale tizilombo tikusautseni bwanji. Mukauzidwa kuti dikirani, dikirani. Ndipo chiweto chikadwala mwadzidzidzi m'nyumba, yambani mwathamangira kwa ana, chifukwa mpweya womwe chikupuma ndi womwewonso akupuma iwo. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa mayi aliyense amene mukumudziwa.