A Dainess Akana Apu

Lydia anatembenuza laputopu kuti a Dainess aone bwino. Anali atachokera ku Limbe m'mawa womwewo, ataitanidwa ndi a Lloyd, mlongo wawo wa a Dainess, kuti adzaike pa intaneti shopu yawo yosoka mayunifolomu ya pa Namadzi. Ndalama zawo zinali zokwanira chinthu chimodzi chokha: apu ya mufoni kapena webusaiti.

A Lloyd anali atasankha kale. Apu ikanasunga miyeso ya makasitomala n'kumawauza diresi ikatha. Makasitomalawo anali odziwika: amayi a mumpingo wa Baptist ndi makolo a ana asukulu, onse a kufupi.

A Dainess anamvetsera mpaka mapeto. Kenako anachotsa khushoni pampando wawo n'kumuikira mlendoyo, nafunsa funso limodzi.

"Munthu amene sakudziwa kuti tilipo, angapeze chiti?"

"Webusaiti, mayi," anatero Lydia. "Akalemba dzina pa intaneti, imatuluka, ngakhale ali kunja kwa dziko. Apu imafuna munthu woidziwa kale, aiike mufoni mwake."

"Ndiye tipange webusaitiyo."

A Lloyd anaseka. "Achemwali, kunja kwa dziko? Azungu ayamba liti kuvala yunifolomu ya pasukulu ya ku Mbombwe?"

A Dainess sanali munthu wa mawu ambiri. Chichokereni ku Ndunde, kumene namondwe wa Freddy anawatengera nyumba, foni ndi zonse za m'kati, ankangosoka ndi kupemphera. Koma tsiku limeneli anali ndi zofuna zawo. Chithunzi chawo chikhale pamwamba, chachikulu, nkhope ikuoneka. Avale bulauzi yoyera ya kutchalitchi. Dzina lawo lonse lilembedwe, ndi la kumudzi kwawo lomwe.

Lydia anayang'ana pansi. Anali atawaonapo amalonda otere, amene akangomva za intaneti amaiwala malonda n'kuyamba kufuna kutchuka.

"Kodi tikugulitsa mayunifolomu kapena nkhope yanu?" anafunsa a Lloyd.

"Nkhopeyo ndi yanga."

"Koma makinawa ndi anga. Ndinakubwerekani mutabwera kuno manja okhaokha. Ngati mukufuna kumadzionetsa, muzisoka ndi singano ya pamanja."

Makina aja ndiwo ankawadyetsa a Dainess, ndiwo ankawalipirira chipinda. A Dainess anayang'ana makinawo kwa kanthawi, milomo ikugwedera ngati mmene imachitira akamapemphera chamumtima. Kenako anachotsa nsalu imene inali pansi pa singano, naipinda, napukuta fumbi pamakinapo, n'kuwavindikira bwinobwino.

"Tengani, achimwene. Singano ya pamanja ndinayamba nayo. Musamale lamba, wayamba kutha."

A Lloyd sanayembekezere zimenezo. Anaimirira pang'onopang'ono, kudikira kuti mwina awaletsa. Palibe anawaletsa. Anakumbatira makinawo, nawanyamula mpaka pakhomo, pamenepo n'kuima ngati akupumira.

Lydia anatsokomola. "Mayi, mwina muganizenso. Apu ikanakuthandizani kwambiri pa malonda anuwa. Ndikunena zoona."

"Ndakumva, mwananga, ndipo sukunama. Koma lemba."

"Tsamba loyamba likhale ndi mawu otani? Ambiri amayamba ndi mitengo."

"Mitengo ikhale pansi."

A Dainess anakonza duku lawo, nakhala mowongoka ngati ayamba kale kujambulidwa. Analankhula pang'onopang'ono kuti asalakwitse chilembo.

"Ulembe kuti: Make Pililani, wa ku Ndunde, ali moyo. Anasamukira pa Namadzi. Uikepo nambala yatsopanoyi."

Zala za Lydia zinaima. Pakhomo paja a Lloyd anatsitsa makina aja pansi mwakachetechete.

Pililani, mwana yekhayo wa a Dainess, anapita ku Joni namondwe asanabwere, ndipo nambala yake inapita ndi matope pamodzi ndi foni ija. Mwana amene anamva kuti mudzi wawo unakokoloka sangaike apu ya mayunifolomu mufoni mwake. Koma tsiku lina akhoza kulemba dzina la mayi ake pa intaneti.